Lipoti la Sienta ya pa msewu wa Thyolo: knock sensor inalipo, koma kompyuta sinkaimva

Galimoto ndi vuto limene inabwera nalo

Galimotoyi ndi Toyota Sienta ya mtundu wa NCP81, yokoka ndi mateyala akutsogolo. Injini yake ndi 1NZ-FE ya masilinda anayi, 1,496 cc, ndipo giyabokosi ndi ya CVT, yosintha yokha mosadumpha magiya. Ndi takisi ya pa msewu wa M2. Imanyamuka ku Limbe, kudzera ku Bvumbwe ndi pa boma la Thyolo mpaka ku Luchenza, ndipo tsiku likayenda bwino imafika ku Chitakale ngakhale ku Muloza. Pa pepala ndi ya anthu 7. Wodziwa msewuwu akudziwanso kuti Sienta sinyamuka pa siteji ndi anthu 7 okha, ndipo kumbuyo sikusowa thumba la nandolo kapena mikoko ya nthochi. Sikuti tikudzudzula ayi, koma kulemedwa kumeneku kuli ndi mbali yake pa matendawa.

Inalowa m'galaja ku Luchenza mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Adalaivala anatchula zinthu ziwiri. Injini ikatentha, galimoto itadzaza, akaponda pa chitunda pansi pa boneti pankamveka kulira kosongoka, ngati wina akugwedeza misomali m'chitini. Akangochotsa phazi phokosolo linkatha. Pamalo athyathyathya, potsetsereka, kapena galimoto itaima injini ikulira, kunali zii. Chinanso, kwa sabata yathunthu injini inkamisa (petulo kulephera kupsa m'silinda ina) ikalemedwa. Nyali ya check engine inkayaka potembenuza kiyi n'kuzima injini ikalira, monga imachitira galimoto yabwinobwino, ndipo makina oyezera sanapeze ngakhale khodi imodzi, nambala imene kompyuta ya injini imalemba ikaona vuto.

Mbiri yake inachita kufufuzidwa ndi mafunso. Miyezi ingapo m'mbuyomo nyaliyo inayaka n'kukhazikika. Galimoto inafooka, zitunda zimene inkakwera mosavuta inayamba kukwera mokwawa, ndipo petulo wokwana maulendo atatu ankathera pa awiri ndi theka, malinga ndi kuwerengera kwa adalaivala. Anapita nayo kwa wina wa zamagetsi amene anangoigwira mphindi zochepa, nyali n'kuzima, mphamvu n'kubwerera. Aliyense anasangalala. Kulira kwa misomali kuja kunayamba patapita masabata awiri kapena atatu, nthawi imene petulo anasowa pa mapampu, galimoto n'kumamwa wa m'zigubu.

Kunoka kulipo pawiri

Eni galimoto atamva kuti tikukayikira knock sensor, kachipangizo komvetsera kugogoda kwa injini, nkhope inagwa, poganiza kuti akuuzidwa kuti injini yanoka. M'pofunika kulekanitsa ziwirizi. Kwathu kuno tikati injini yanoka timanena kuti maberingi a pa kirankishafuti atha, kawirikawiri chifukwa oyilo anachepa kapena anakalamba. Kugogoda kwake n'kolemera, kochokera pansi, kumatsata liwiro la injini ndipo kumamveka ngakhale galimoto itaima. Knock sensor siteteza zimenezo, ndipo kuisintha sikungachize beringi yakutha.

Kugogoda kumene sensayi imamvera kumachitikira pamwamba pa pisitoni, pamene petulo akupsa. Pulagi imathetheka pisitoni isanafike pamwamba penipeni, chifukwa petulo wosakanizika ndi mpweya amafuna kanthawi kuti apse. Moto umayambira pa pulagi n'kumafalikira ngati moto wolusa patchire mpaka kukafika m'mphepete mwa silinda. Pofalikirapo umapanikiza ndi kutenthetsa gawo limene lisanapse. Gawo lotsalalo likatentha mopyola, limaphulika lokha moto usanalifike, ndipo kuphulikako kumamenya pisitoni, hedi ndi zipupa za silinda ngati hamala. Chimene khutu limamva ngati misomali m'chitini ndi buloko ya injini ikunjenjemera ndi nkhonya zimenezo.

Zoyambitsa zake zinakumana zonse pa galimotoyi. Injini ya 1NZ-FE imapanikiza mpweya pa mlingo wa 10.5 kwa 1, kotero siilekerera petulo wofooka. Petulo wa pa pampu m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, wopangidwa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, ndipo ethanol amathandiza kuti petulo asaphulike yekha msanga. Palafini amachita zosemphana ndi zimenezo: akathiridwa m'petulo amatsitsa kwambiri octane, mphamvu ya petulo yokana kuphulika yekha. Onjezanipo kutentha kwa Okutobala, katundu, chitunda, ndi khalidwe la CVT losunga injini pa liwiro lotsika pofuna kupulumutsa mafuta. Injini yolemedwa koma ikuzungulira pang'onopang'ono ndiyo imagogoda msanga. Malo nawonso amawerengedwa: galimoto yosalira pa Bvumbwe, pokwera ndi pozizira, itha kulira ikatsikira ku chigwa cha Shire kumene mpweya ndi wotentha komanso wochindikala.

Sensa yeniyeniyo ndi kachipangizo kosavuta. M'kati mwake muli kambale ka piezo, kamene kakafinyidwa kapena kunjenjemera kamatulutsa timagetsi tochepa. Imamangidwa pa buloko kuti izinjenjemera nayo limodzi. Kompyuta ya injini imasefa timagetsito n'kusankhamo kunjenjemera kwa kugogoda. Ikakumva imachedwetsa kuthetheka kwa mapulagi msangamsanga, phokoso likatha n'kumabwezera taimingi, nthawi imene pulagi imathetheka, patsogolo pang'onopang'ono. Ndiye kuti injini ya masiku ano imayenda m'mphepete mwa phompho dala, chifukwa m'mphepetemo ndi mmene muli mphamvu ndi kusamala mafuta, ndipo chimene chimaigwira kuti isagwe ndi khutu limodzi lomweli.

Pamene imakhala

Pa injini za masilinda anayi, yambani kufunafuna pa buloko, osati pa hedi, mbali imene kuli manifodi yolowetsa mpweya, chapakati pa silinda yachiwiri ndi yachitatu. Amaiika pakati kuti izimva masilinda onse, ndipo amaitalikitsa ndi ekizozi chifukwa cha kutentha. Pa 1NZ-FE manifodi yolowetsa mpweya, ya pulasitiki yakuda, ili kutsogolo moyang'anana ndi redieta, ekizozi ili kumbuyo. Sensa yabisala kuseri kwa manifodiyo. Mutaima kutsogolo kwa galimoto simungaione. Mutha kuisuzumira ndi tochi ndi kagalasi kudzera m'mipata ya mapaipi a manifodi, kapena kuchokera pansi mutachotsa chotchinga cha pulasitiki, koma kuigwira ndi manja awiri kumafuna kuti manifodi ichoke. Mmenemo ndi mmene zilili pa Vitz, Probox, Ractis, Ist, Corolla, Axio ndi zina za injini yomweyi.

Injini imeneyi inatuluka ndi masensa a mitundu iwiri, ndipo kusokoneza mitunduyi kwatayitsa anthu ndalama. Ya zaka zoyambirira ili ndi waya mmodzi, imaoneka ngati bawuti yonenepa yopotera m'buloko, ndipo imamasulidwa ndi soketi yaitali ya 27 mm. Imeneyi inapangidwa kuti izimva liwu limodzi lokha, ndipo ena amaisokoneza ndi switchi ya nyali ya oyilo, imene nayonso ili ndi waya mmodzi ndipo imapotera m'buloko. Mtundu wachiwiri, umene uli pa Sienta imeneyi, ndi wathyathyathya, wozungulira ngati donasi, wa bowo pakati. Umavekedwa pa bawuti yotuluka m'buloko n'kumangidwa ndi nati ya 12 mm, uli ndi mawaya awiri, ndipo umamva kunjenjemera kuyambira pa 6 mpaka 15 kHz. Mitundu iwiriyi silowana m'malo. Wogula injini yakale kuti aike m'galimoto ya chaka china ayambe waona sensa imene ili pa buloko ndi konekita imene ili pa mawaya a galimoto yake.

Pa Nissan za injini ya HR15DE, monga Note ndi Tiida, ndi pa Honda Fit ya L13A, malo ake ndi ofanana: pa buloko, pansi pa manifodi yolowetsa mpweya. Injini za V6 za Toyota, monga 1MZ-FE ndi 5VZ-FE, zili ndi masensa awiri m'chigwa cha pakati pa mahedi, ndipo kumeneko kawaya kake kamauma ndi kutentha mpaka kuthetheka ngati bisiketi. Injini za kabuleta, ngati Nissan 1400 yakale ija, zilibe sensayi, chimodzimodzi za dizilo zakale monga 3L ndi 5L za m'ma Hiace. Pa zimenezo musataye nthawi kufunafuna.

Zimene zinayezedwa ndi zimene zinapezeka

Injini ikugogoda momveka chonchi, kompyuta yabwino imayenera kuchedwetsa taimingi. Choncho ntchito yoyamba inali kukwera nayo chitunda, munthu wina atagwira makina oyezera n'kumayang'ana madigiri a taimingi. Misomali inalira, koma madigiri sanabwerere m'mbuyo ngakhale pang'ono. Kompyuta inali yogontha koma yosadziwa kuti ndi yogontha. Apa m'pamene kusowa kwa khodi kunasiya kukhala nkhani yabwino.

Kuti mumvetse zimene zinachitika, dziwani mmene Toyota imaonera ngati sensa ya mawaya awiri ilipo. Kompyuta imatumiza 5 V kudzera m'rezisita ya pafupifupi 200 kΩ imene ili m'kati mwake. M'kati mwa sensa mulinso rezisita ina ya 200 kΩ. Ziwirizi zimagawana magetsi pakati ndi pakati, kotero zonse zikakhala bwino pa waya pamakhala pafupifupi 2.5 V. Waya akaduka kapena konekita ikazuka, magetsi amakwera kupitirira 4.5 V, kompyuta n'kulemba P0328. Waya akakhudza chitsulo cha galimoto magetsi amagwa pansi pa 0.5 V, n'kulemba P0327. Khodi ya P0325 imanena za vuto la njira yonse ya sensa, ndipo ndi imene imapezeka kawirikawiri pa mtundu wa waya mmodzi. Kumene kulibe makina, Toyota zambiri zochokera ku Japan zimatha kuwerengedwa polumikiza bowo la 4 ndi la 13 pa soketi ya mabowo 16 ya pansi pa chiwongolero: nyali ikaphethira kasanu, n'kupuma, n'kuphethira kawiri, imeneyo ndi khodi 52, ya knock sensor. Werengani mabowo mosamala, chifukwa la 16 lili ndi magetsi a batire nthawi zonse.

Potsatira mawaya kuchokera ku mtolo waukulu kulowera ku manifodi, panapezeka chotupa cha selotepi yakuda, yatsopano kuposa ina yonse. Atamasula, mawaya awiri a sensa anali odulidwa ndi pulayala, ndipo pakati pawo anapotapo karezisita kakang'ono ngati njere ya mpunga, ka mizere yofiira, yofiira ndi yachikasu. Imeneyo ndi 220 kΩ, ya mtundu wopezeka pa tebulo la wokonza mawailesi aliyense. Kiyi atatembenuzidwa, mita inawerenga 2.6 V, ndendende zimene masamu akunena mukagawa 5 V pakati pa 200 ndi 220. Kwa kompyuta, sensa inalipo ndipo inali chete. Mbali ina ya mawaya odulidwawo inkangolendewera kulowera pansi pa manifodi.

Manifodi inachotsedwa motere. Injini itazizira, waya wa negativu wa batire anamasulidwa. Paipi yochokera ku eya kilina inachoka, thirotulo inamasulidwa n'kukankhidwira pambali osazula timapaipi take ta madzi, kenako timapaipi ta mpweya, kuphatikizapo kopita ku busita ya mabuleki, ndi makonekita onse okhudza manifodi. Chongani kapaipi kalikonse musanazule, chifukwa kamodzi koiwalika kamabweretsa kulira kosakhazikika kumene mudzakufunafuna tsiku lonse. Manifodi yagwira ku hedi ndi mabawuti atatu ndi manati awiri. Ikangochoka, tsekani mabowo anayi a pa hedi ndi nsanza zoyera. Nati imodzi ikagweramo, ntchito ya maola awiri yasanduka yotsitsa hedi.

Kuseri kwake kunali chisa: makoko a mtedza, timapepala, ulusi wa thumba ndi zitosi za makoswe. Galimotoyi imagona pafupi ndi nyumba yosungiramo chimanga, ndipo mpata wa pakati pa manifodi ndi buloko ndi wofunda usiku wonse. Waya wa sensa anali wotafunidwa mpaka kuduka, pafupifupi masentimita 5 kuchokera pa konekita. Limeneli ndilo linali vuto loyamba lija, limene linayatsa nyali. Wokonza uja anaona kuti kufika pomwe paduka n'kutali, ndiye anangodula pofikirika n'kutseka pakamwa kompyuta.

Sensa inayezedwa pa mapini ake awiri ndipo inawerenga 198 kΩ. Toyota imalola pakati pa 120 ndi 280 kΩ pa kutentha kwa 20°C. Mita itaikidwa pa AC ya timagetsi tochepa, buloko n'kugogodedwa pang'ono ndi sipanala pafupi ndi sensa, manambala ankadumpha. Thupi lake linalibe mng'alu. Mwachidule sensa inali yamoyo, ndipo panalibe chifukwa chogulira ina. Khodi ya knock sensor imanena za njira yonse, kuyambira pa sensa, konekita, waya mpaka pa kompyuta, ndipo yezani musanatume munthu ku Limbe. Manambala a kampani ina musawagwiritse ntchito pa inzake: sensa ya Nissan imawerenga cha m'ma 560 kΩ, ndipo ya Toyota ya waya mmodzi siyenera kuonetsa kulumikizana kulikonse pakati pa pini ndi thupi lake. Pogogoda, gogodani buloko, osati sensa. Piezo imasweka m'kati osaoneka kunja, n'chifukwa chake sensa imene yagwa pa simenti ndi yokayikitsa ngakhale itakhala yatsopano. Dziwaninso kuti kugogoda buloko injini ikulira n'kumadikira kuti taimingi isunthe sikugwira pa galimoto zonse, poti makompyuta ambiri amangomvetsera pa kanthawi kochepa pulagi itangothetheka.

Kuyenda popanda sensa: njira zitatu zosafanana

Funso limene eni galimoto ambiri amafunsa ndi lakuti kodi galimoto ingayende popanda sensayi. Imayenda. Imalira, siizima panjira. Koma mawu oti "popanda" akubisa zinthu zitatu, ndipo Sienta imeneyi inadutsa mu ziwiri.

Yoyamba ndi pamene waya waduka kapena sensa yazulidwa ndipo kompyuta yadziwa. Nyali imayaka, ndipo Toyota imachedwetsa taimingi mpaka pa malire ake kuti injini isagogode ngakhale petulo atakhala woipa. Injini yatetezedwa, koma mtengo wake ulipo. Moto ukayamba mochedwa, petulo amamaliza kupsa pisitoni itatsika kale, kotero gawo la mphamvu limene likanakankha galimoto limatuluka ngati kutentha kudzera m'mavavu a ekizozi. Galimoto imafooka makamaka pa chitunda ndi popitirira inzake, dalaivala amaponda kwambiri kuti apeze liwiro lomwe lija, mafuta n'kumatha. Mavavu a ekizozi, manifodi ya ekizozi ndi catalytic converter (chosefa utsi cha pa ekizozi) zimapsa kuposa mmene zinapangidwira, ndipo redieta imalandira ntchito yowonjezera. Pa CVT zimaoneka ngati giyabokosi ikuterereka, injini ikukuwa galimoto osathamanga, ndipo ena athira mafuta atsopano a giyabokosi kapena kugula ina pa vuto la waya mmodzi. Mwa njira imeneyi mutha kuchoka ku Muloza kukafika ku galaja, ngakhale kuyenda masiku angapo mopepuka. Kugwira nayo ntchito ya takisi miyezi ndi kuwotcha ndalama. Palinso china: nyali ikakhala yoyaka kale, vuto latsopano likabwera palibe chokuchenjezani. Kumata selotepi pa nyaliyo kapena kuchotsa babu lake ndi njira yomweyi, kungowonjezerapo khungu.

Yachiwiri ndi ya karezisita, ndipo ndi yoopsa kuposa zonse chifukwa imaoneka ngati kuchira. Kompyuta ikaona 2.5 V ndi bata, imakhulupirira kuti petulo ndi wabwino ndipo injini sikugogoda, ndiye imapititsa taimingi patsogolo mpaka pamene malire olembedwa m'kati mwake akulola. N'chifukwa chake mphamvu inabwerera tsiku lomwelo. Petulo akakhala wabwino, kunja kukuzizira, katundu wochepa, masabata atha kudutsa popanda chizindikiro. Tsiku limene palafini, kutentha ndi chitunda zakumana, injini imagogoda ndipo palibe woiletsa. Kugogoda kosalekeza kumakokolola kampweya kopyapyala kamene kamatchinjiriza chitsulo ku moto, mutu wa pisitoni n'kuyamba kudyeka ngati wajomphedwa ndi nkhuku. Kumaswa timipanda ta pakati pa maringi, kumaphwanya chadothi cha pulagi, kumaboola gasiketi ya hedi, ndipo nkhonya zake zimatsika ndi konirodi mpaka pa beringi. Pamapeto pake kugogoda kwa pamwamba kumabala kunoka kwa pansi kumene eni galimoto ankaopa kuja. Makompyuta ena sapusitsidwa chonchi: amayembekezera kumva phokoso wamba la injini liwiro likakwera, ndipo akapanda kulimva amalemba P0325. Ya galimotoyi inakhutira ndi magetsi okha.

Yachitatu ndi sensa yolumikizidwa bwino ku mawaya koma yosakhala pamalo pake: yomangiriridwa ndi chingwe pa paipi, yopachikidwa pa bulaketi ya pamwamba kuti manifodi isachotsedwe, kapena yokhala pamalo pake koma nati ili yolendewera. Zotsatira zake zimafanana ndi za rezisita, chifukwa imamva mochepa kapena siimva n'komwe. Nthawi zina zimatembenuka: bulaketi yogwedera, chitsulo cha ekizozi chophwepheka kapena sensa yomangidwa mopyola zimachititsa kompyuta kumva kugogoda kumene kulibe, n'kumachedwetsa taimingi popanda nyali. Galimoto yofooka yopanda khodi ndi yofunika kuiyang'ana pamenepa.

Kukonza

Waya wa knock sensor si waya wamba. Timagetsi take n'tochepa kwambiri, ndiye amakutidwa ndi ukonde wa tiwaya umene umatchinga phokoso la makoilo ndi alitaneta. Kulumikiza ndi waya wa sipika kumazimitsa nyali koma kumalowetsa phokoso limene kompyuta ingalitenge ngati kugogoda. Apa panagwiritsidwa ntchito chidutswa cha waya wokutidwa pamodzi ndi konekita yake, chodulidwa pa mtolo wa injini ina ya 1NZ-FE kwa ogulitsa zakale. Mawaya awiri a m'kati anawotchereredwa ndi mtovu, lililonse n'kuvekedwa kapaipi kofota ndi moto, polumikiza pake posiyanitsidwa kuti pasagundane. Ukonde unalumikizidwa kumbali yopita ku kompyuta, osaugunditsa pa buloko kapena pa mawaya a m'kati. Pamwamba panavekedwa paipi ya pulasitiki ya mizeremizere, ndipo waya anabwezeredwa m'timagwiriro take, kutali ndi mawaya a makoilo. Asanalumikize sensa, kiyi atatembenuzidwa, konekita inaonetsa pafupifupi 5 V. Atalumikiza, 2.5 V.

Sensa inamasulidwa kuti pokhala pake payeretsedwe, poti mkodzo wa makoswe unali utayambitsa dzimbiri. Pamafunika chitsulo pa chitsulo: osaika washa, osapaka girisi, silikoni kapena guluu. Nati imamangidwa pa 20 N·m ndi toki renchi, konekita italoza mbali imene inali poyamba kuti isagunde manifodi ndipo waya asakokeke. Mlingo umenewu si wongoyerekeza ndi dzanja, chifukwa kufinya kwa nati ndi kumene kumakhazikitsa mmene piezo imvere. Manifodi inabwerera ndi gasiketi yatsopano pa 30 N·m, kumanga kuyambira pakati kupita kunja. Gasiketi yakale ya labala imakhala itaphwatalala, ndipo ikabwezeredwa imalowetsa mpweya wakuba umene umachepetsa petulo m'silinda, chinthu chimene chimayambitsanso kugogoda.

Petulo wa m'thanki anapopedwa pang'ono m'botolo loyera. Fungo la palafini linkamveka, ndipo dontho lake pa pepala loyera linasiya banga la mafuta m'malo mouma n'kutha. Thanki inakhuthulidwa n'kuthiramo wa pa pampu. Fani ya redieta, themositati ndi madzi zinali bwino, ndipo sensa yoyeza mpweya inangotsukidwa.

Poyesa, galimoto inakwezedwa anthu n'kulunjika ku boma la Thyolo masana. Pa chitunda, phazi litapondedwa, makina anaonetsa taimingi ikubwerera m'mbuyo madigiri angapo n'kumakweranso pang'onopang'ono. Khutu silinamve msomali ngakhale umodzi. Patatha maulendo awiri ozimitsa ndi kuliza, khodi sinabwere.

Zimene zinawonongeka kale

Mapulagi ndiwo ananena zimene injini inadutsamo. Ya silinda yoyamba ndi yachinayi inali yabwinobwino. Yachiwiri inali ndi timadontho takuda ndi totuwa pa chadothi chake, ngati yawazidwa tsabola. Yachitatu inali ndi timadontho tomweto, ndipo chadothi cha kunsonga chinali ndi mng'alu kutalika kwake konse. Moto unkathawira m'mng'alumo injini ikalemedwa, ndipo kumisa kuja kunkachokera pamenepo, osati pa koilo. Timadontho totuwa tonyezimira pa pulagi kawirikawiri ndi aluminiyamu wochoka pa pisitoni. Mapulagi onse anayi anasinthidwa ndi a nambala yolembedwa pa injiniyi. Pa 1NZ-FE onetsetsani kutalika kwa mazinga, chifukwa injini za zaka zosiyana sizigwiritsa ntchito pulagi imodzi.

Kompuresheni, mphamvu imene silinda imapanikizira mpweya, inayezedwa injini ili yotentha, mapulagi onse atachotsedwa, thirotulo itatsegulidwa: 13.5, 13, 11.5 ndi 13.5 bar. Toyota imalola kusiyana kwa pafupifupi 1 bar pakati pa masilinda, ndiye yachitatu yatuluka m'malire. Atathiramo kasupuni ka oyilo n'kuyezanso, inakwera kufika pa 13. Oyilo amatseka mpata wa maringi kwa kanthawi koma sangatseke vavu yopsa kapena gasiketi yoboka, choncho kutayikira kuli pa maringi kapena pa timipanda ta pisitoni. Madzi sakuchepa, m'redieta mulibe thovu, oyilo sanasanduke ngati tiyi wamkaka, ndipo pansi sipakugogoda.

Chokonza chenicheni ndi kutsitsa hedi ndi sampu n'kutulutsa pisitoni yachitatu. Eni galimoto anauzidwa zimenezi mosabisa, ndipo anasankha kuti iyambe yagwira ntchito kaye. Sikulakwa kwenikweni pa manambala amenewa, bola malire adziwike. Adalaivala ayeze oyilo m'mawa uliwonse galimoto ili pamalo olingana n'kumalemba amene awonjezera. Ibwere ikayenda makilomita 1,000 kuti kompuresheni iyezedwenso ndi pulagi yachitatu ionedwe. Ikayamba kutulutsa utsi wabuluu, kupuma mwamphamvu pa chitsekero cha oyilo, kumisanso pa silinda yomweyo, kapena silindayo ikatsika kupitirira apa, iimitsidwe tsiku lomwelo, chifukwa kachidutswa ka ringi kakathothoka kamakanda silinda, ndipo zikatero sipisitoni yokha imene idzafunike. Petulo wa m'zigubu akakhala wosapeweka, asadzaze thanki, achepetse katundu, ndipo pa chitunda aike giya pa S kuti injini izungulire mofulumirirapo m'malo mokoka mwakachetechete. Usiku galimoto izigona kutali ndi chimanga, ndipo kamodzi pa mwezi wina aziunika ndi tochi kuseri kwa manifodi.